Ndinamenyera wandale wa dziko lomwe sindinapondeko

Ndinathyola munthu nsagwada chifukwa cha chisankho cha dziko la eni. Inu owerenga, musaseke. Lero ntchito ndilibe, ndipo sindikudziwa ngati chaka chino chithe ndikadali kuno ku London.

Sukulu ndinalekezera fomu 2. Kwathu ku Lilongwe, nthawi ya kampeni, ndinali mmodzi mwa anyamata okwezedwa m'malole aja. Lamulo lathu linali limodzi: amene wakuveka tisheti n'kukudyetsa, umamumenyera nkhondo. Komanso ine mtima wanga ndi wapachala kuyambira ndili mwana.

Nditafika kuno anandisunga ndi a Tembo, bambo a ku Chipata omwe timapemphera nawo ku Barking. Ndi iwo anandithamangitsira za laisensi ya ulonda mpaka ndinayamba kuima pamageti ku Wembley masiku a mpira. Kumeneko ndinadziwana ndi Chidi, mnyamata wa ku Nigeria, wansangala zedi.

Kwawo kuli nyumba ya malamulo yachiwiri, yapamwamba, yomwe kwathu kulibe. Amaitcha seneti. Amalume ake a Chidi ankapikisana nawo pa mpando wa usenetala. Anali atagwa pa chisankho chachipulula m'chipani chawo chakale, n'kuthawira chipani china. Ndiye anthu akwawo okhala kuno anagawikana, ena akuti ndi ngwazi, ena akuti ndi Yudasi.

Tsiku lomva zotsatira anabwereka holo ku Barking, mbali zonse ziwiri pamodzi. Chidi anandiitana, n'kundipatsa tisheti ya nkhope ya amalume akewo. A Tembo atandiona nditaivala anapukusa mutu.

"Mufana, vandale va bene visiye. Iwe uvotako kumeneko?"

Ndinangoseka. Ndinati ndikungokadya mpunga.

Masanawo aliyense maso anali pafoni. Kenako mbali ina kunabuka mfuu. Amalume a Chidi anali atagwa, wa chipani chawo chakale atapambana. Bambo wina wamkulu, wa imvi, anayamba kuvina akuzungulira matebulo. Atafika pa ine anatsina tisheti yanga, n'kunena mokweza kuti, "Mwanawe, kavule aka ukakolopere kubafa."

Anthu anafa nacho chikhakhali. Ine mutu unatentha. Ndinaona ngati ndili pa lole ku Lilongwe. Chibakera chinali chimodzi chokha, koma bamboyo pogwa anamenyetsa nkhope pakona ya tebulo. Magazi anayenderera pansi.

Ndinatembenuka poganiza kuti a mbali yathu aima nane. Palibe ndi mmodzi yemwe. Chidi anagwada pambali pa bamboyo.

"Wachita chiyani iwe? Awa ndi apongozi anga!"

Kani anthuwa ndi pachibale, amakwatirana, amaikirana maliro. Kunyogodolana pa chisankho kwa iwo ndi macheza. Mlendo ndinali ine ndekha, ndipo ndi ine ndekha ndinatenga nkhaniyo ngati nkhondo. Amene anaimbira apolisi ndi Chidi yemweyo.

Kukhothi ndinavomera mlandu. Kundende sindinalowe, koma dzina langa linada. Laisensi anandilanda, ku Wembley basi kunathera pomwepo. Mayi Tembo anati sangagone mtima uli m'malo munthu wandewu ali m'nyumba ya ana, ndipo sindikuwada. Pano ndimagona pa sofa ya mnzanga ku Romford. Mapepala anga okhalira kuno atsala pang'ono kutha, ndipo loya wandiuza mosabisa kuti ndi mlandu umenewu ndikonzekere zobwerera. Bambo aja anatha milungu akumwa phala ndi kapaipi. Ndinapempha kukawapepesa, anakana.

Chomwe chinandimaliza ndi chithunzi chomwe a Tembo anandionetsa pafoni mwezi watha. Amalume a Chidi abwerera kuchipani chawo chakale. Pachithunzipo akumbatirana ndi senetala yemwe anawagonjetsa uja, onse mano pamtunda.

Anyamata anzanga, makamaka inu amene munazolowera malole a kampeni, tamverani. Andale samadana, amene timadana ndife. Mukafika kwa eni, musavale nkhope ya munthu yemwe simukumudziwa. Wina akakunyozani, tulukani panja mukapume mphepo, basi ikabwera mukwere. Ine ndinataya ntchito, pogona ndi mnzanga chifukwa cha munthu yemwe mpaka lero sadziwa n'komwe kuti ndilipo.