Msana wa Amayi ndi Beseni la Mgonero

Amayi anga sanagwe. Anathyoka msana akuzula chinangwa kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Khonjeni. Akuti anangomva kuti thwa! m'chiuno, n'kukhala pansi pomwepo. Munthu amene anabereka dengu la tiyi pa esiteti kuyambira utsikana mpaka imvi anagonja kwa chinangwa.

Ndinachoka ku Blantyre, kumene ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala, n'kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Adokotala anationetsa chithunzi. Mafupa a msana amasanjikizana, ndipo pakati pa fupa ndi linzake pamakhala kakhushoni kofewa. Mwa amayi, fupa limodzi linali litaphwanyika chakutsogolo. Denga lake lopyapyala linang'aluka, kakhushoni kaja n'kumira m'kati mwa fupalo. Gwero lake, anatero adokotala, ndi mafupa kufumbwa m'kati, monga zimachitikira azimayi ambiri akasiya kusamba. Fupalo lidzapola, koma silidzabwerera msinkhu wake. Anawalembera mankhwala, anawauza kuti azidya matemba ndi kumwa mkaka, aziyendako pang'onopang'ono. Kuwerama ayi, kusenza katundu ayi.

Amayi sanafunse za munda. Anafunsa kuti, "Nanga mapazi?"

Ife ndife a Sabata. Tisanadye Mgonero timasambitsana mapazi, abambo kwaokha, azimayi kwaokha. Wina amakhala pa benchi, mnzake n'kugwada ndi kuweramira pa beseni, kenako n'kusinthana. Amayi anali ndi mnzawo mmodzi pa mwambowu, mayi wonenepa, wolongolola, amene ankatchola nawo tiyi mizere yoyandikana. Chiyambire, awiriwa ankasambitsana okhaokha.

Mgonero woyamba unawapeza ali chigonere. Wachiwiri anapita ndi ndodo. Mnzawoyo anawasambitsa, koma itafika nthawi yobweza, dikonesi wachitsikana ndiye anagwada m'malo mwawo. Tinabwerera kunyumba. Madzulo ake anandiuza kuti, "Ndasanduka wongolandira. Ulendo wina sindipita."

Mnzawo uja atamva, anatulukira pa kabaza, akulankhula asanatsike n'komwe.

"Achemwali, mapazi angawa mwawasiyira ana? Kamtsikana kaja kanangowanyowetsa ngati m'beseni muli ng'ona!"

"Mapazi anu ali pansi," anayankha amayi. "Ine pansi sindifika."

"Ndiye tiwakweze."

Mnzawoyo anakauza dikonesi wamkulu, yemwe anayamba wanyinyirika kuti zoterozo sanazionepo, kenako analola. Mgonero wotsatira utayandikira, Lachisanu dzuwa lisanalowe, poti pa Sabata sitinyamula mipando, tinalowetsa tebulo la m'kalasi ya ana m'chipinda chimene azimayi timasambitsirana. Ndinaligwedeza ndekha. Linali la bulugamu, mwendo umodzi wofupikirapo, ndipo tinauchirikiza ndi kathabwa.

M'mawa mwake ndinali momwemo. Nyimbo itayamba, madikonesi awiri anagwira mnzawo wa amayi uja m'khwapa, wachitatu akukankha kumbuyo. Tebulo linalira. "Mugwiritse, inu! Mukufuna tidzakhale othyoka awiri?" anakuwa mayiyo. Nyimbo inaduka, azimayi akubisa kuseka m'mipango. Mayiyo anakhazikika pamwamba, miyendo ili lendelende. Beseni tinaliika pa benchi, amayi n'kukhala pa mpando woyang'anana nalo. Besenilo linali molingana ndi mawondo awo.

Ndinayang'anitsitsa msana wawo. Sunapindike. Anatambasula manja okha, anagwira phazi lamanja, n'kulisambitsa chala chimodzichimodzi, chidendene chong'ambika chija osachisiya. Kenako lamanzere. Anapukuta ndi thaulo mosafulumira, ndipo anali iwo amene anayambitsanso nyimbo, mawu akumveka mpaka panja.

"Eya, awa ndiwo manja," anatero mnzawo ali pamwambapo, misozi ikutsika.

Madikonesi atamutsitsa, anagwira tebulo kuti alikankhire kukhoma. Gogo wina wa ku Mphuka, yemwe kwa nthawi yaitali ankangokhala pakona mnzake akusambitsidwa ndi ena, anagogoda pansi ndi ndodo.

"Tebulolo musalichotse. Misana yovuta si umodzi muno."