Bondo Langa Lamanzere

Bondo langa lamanzere linalira kuti thwa ndili Fomu 3, pa bwalo la mpira wa manja la sukulu yathu kufupi ndi Chisepo. Palibe anandigunda. Ndinadumpha kuwakha mpira, potera phazi linakanirira pansi thupi likutembenuka. Pofika madzulo bondolo linali litatupa ngati dzungu.

Bambo, omwe ankalima fodya pa esiteti, anandikweza pa njinga mpaka kuchipatala ku Mponela. Atandijambula, fupa linapezeka labwinobwino, bambo n'kumwetulira. Adokotala sanamwetulire. Anandigoneka chagada, napinda mwendo, nakoka msongolo. Unasuntha mopanda chouletsa, ngati dzino logwedera.

"Mtsempha wogwira bondo waduka," anatero. "Kutupaku kutha, ululu utha, uziyenda bwinobwino. Pamenepo ndiye poopsa."

Anandiphunzitsa zolimbitsa ntchafu: kukweza mwendo uli chiwongokere, kutsamira khoma mawondo atapinda pang'ono. Mpira anati ndiusiye kufikira atandionanso.

Patatha masabata asanu kutupa kunathadi. Ndinayambanso kupita kumjigo ndi ndowa, koma pamtsetse bondo linkangofooka mwadzidzidzi, mwendo n'kukhala ngati si wanga. Sindinauze munthu.

Kenako aphunzitsi a masewera anabwera kunyumba. Timu yathu inali itafika mu ndime yotsiriza ya mpikisano.

"Ukutsimphina?" anandifunsa.

"Ayi."

"Ndiye wachira. Tingomanga bandeji."

Amayi anayang'ana mwendo wanga nthawi yaitali. "Paja adokotala anati chiyani?"

"Anati ndikamayenda bwino palibe vuto," ndinanama.

Loweruka tinakwera lole kupita ku Ntchisi. Bwalo lake linali lopendekeka, lodzaza timiyala, mphepo yochokera m'phiri ikutithira fumbi m'maso. Ndinagoletsa zigoli zinayi. Podumphira chachisanu sindinamve kulira kulikonse. Ndinangopezeka pansi, bondo litakanirira chopinda, osatheka kuliwongola.

Adokotala aja sanandikalipire. Anangouza bambo kuti chicherewecherewe cha pakati pa mafupa nacho chang'ambika, natilembera kalata ya ku Lilongwe. Kumeneko anandichita opaleshoni, ndipo ndinatha miyezi ndikuphunzira kuponda, poyamba ndi ndodo ziwiri, kenako imodzi. Mpira sindinaugwirenso.

Lero ndimagulitsa mu shopu ku Mponela, kuimirira tsiku lonse. Mwezi wathawu bondo lamanja, limene lasenza thupi langa zaka zonsezi, layamba kutupa. Mwamuna wanga sindinamuuzebe.