Mbale Zosweka za ku Namithi

Aliyense amene anathyolako tiyi m'chigwa cha Namithi amawadziwa a Zakeyu Nakhumwa, ndipo ambiri amawadziwa chifukwa anawakalipirapo. Bambo ameneyu anadulira tiyi pa esiteti zaka makumi anayi ndi chimodzi, mpaka msana unapindika ngati chikwakwa, koma pakamwa sipanapindike ayi. Akakupeza wadulira tiyi mopendama, ankakufunsa ngati unabadwira pamtsetse. Anapuma pa ntchito ndi njinga imodzi, bulangete la mphatso ndi chifuwa chosamva mankhwala. Koma panali ntchito ina imene sanapume, imene kapitao aliyense sanawalembe: kusunga manda akale a ku Namithi.

Mandawo ali pakati pa tiyi, kathengo kokhako kamene kanatsala pamene minda imatsikira kumtsinje. Mmenemo munagona anthu oyamba a m'chigwachi, Alomwe amene anaoloka Ruo pothawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwera m'manja mwa thangata. Ndiwo anazula mitengo, ndiwo anabzala tiyi woyamba. Pa manda awo panalibe mtanda, simenti kapena cholembedwa, pakuti wolembayo akanachokera kuti? Munthu akamwalira, abale ankatenga chiwiya chake, kaya mbale, kaya kapu, kaya khasu lakutha, n'kuchiboola kapena kuchiswa kuti mbala isachisirire, n'kuchisiya kumutu kwa mtumbira. Mitumbirayo inaphwa kalekale n'kufanana ndi nthaka. Chinatsala ndi ziwiyazo basi, ndi mutu wa a Zakeyu.

Anawaphunzitsa ndi atsibweni awo, a Filipo, amene anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda. Chaka ndi chaka mvula ikatha, awiriwo ankalowa m'thengomo chokwawa, a Filipo akunong'oneza. Mphika wa khosi lalitali ndi Namulewa, mzamba amene anabadwitsa theka la chigwa. Mpeni wodulira ndi Mukhuna, amene anakana kupita ku thangata tsiku la maliro a mwana wake, kapitao n'kumukwapula anthu onse akuona. Onse pamodzi analipo makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, aliyense ndi chiwiya chake ndi nkhani yake. Cha pakatikati, m'tsinde mwa kamtengo ka nkhadze, panali kapu ya chitsulo ya mlomo wabuluu. Akafika pamenepo a Filipo ankangowagwira a Zakeyu paphewa. Anali amayi awo a Zakeyu, amene anamwalira pobereka mlongo wawo Magdalena, iwo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Tinene zoona, a Filipo atamwalira, a Zakeyu zinkawakomera kukhala okhawo odziwa. Mwambo unawathandizanso, chifukwa kumanda sikulowedwa chisawawa, ndipo mtumbira sulozedwa ndi chala. Mayi Lestina, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya pa esiteti, anawayendera katatu konse, kope lili m'manja.

"Bambo Nakhumwa, ana athu amadziwa za mafumu a ku Ulaya, koma sadziwa amene anabzala tiyi amene amamuona pawindo. Tiuzeni, tilembe."

"Akufa si sipelo, aphunzitsi," ankayankha choncho a Zakeyu. "Ndikadzatopa ndidzakuitanani."

Ngakhale Magdalena, amene anakwatiwa ku Goliati, akapempha kuti akaone pamene panagona mayi amene sanawaonepo nkhope, yankho linali limodzi: tsiku lina, achemwali. Tsiku linalo linatha zaka makumi asanu lili m'njira. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma a Zakeyu ankaona ngati mwambiwo unkanena mitu ya anthu ena.

Chaka chatha mu Ogasiti kunabwera Everson, mwana wa m'chigwa momwemo amene tsopano ndi kapitao wamkulu. Anakhala pakhonde mwaulemu, chipewa chili pabondo.

"Madala, zinthu zavuta. Kampani ikuzula tiyi yense wa kumunsi, ikubzala makadamiya, ndiye pakufunika damu. Pa mapu awo Namithi ndi tchire chabe. Ndayesetsa kuwauza. A manijala akuti manda sakhudza, koma akhale manda ooneka. A saveya, oyeza malo, abwera Lachinayi sabata yamawa. Paliponse pamene mutchule dzina akhoma chikhomo, ndipo fensi izungulira zikhomozo. Popanda dzina, buludoza idutsa."

A Zakeyu anachita mantha. Anaitanitsa anthu n'kuwauza kuti kumanda kulambulidwe Lachitatu, alendowo adzaone kuti kuli eni ake. "Koma mundidikire. Munthu asalowemo ine kulibe." Chifukwa chake sananene, pakuti anali asanazolowere kufotokozera anthu zifukwa. Lachisanu m'mawa anapalasa njinga ulendo wa kwa Changata, kukatenga kalata ya mfumu yochitira umboni kuti ku Namithi ndi kumanda. Kalata anaipeza, koma chifuwa chija chinawagwetsa, n'kugona masiku awiri kwa wachibale.

Iwo ali chigonere, uthenga unafika kwa Everson kuti a saveya asintha tsiku, abwera Lolemba. Anthu akanatani? Mwini mawu kulibe, foni alibe, tsiku lakwana. Lamulungu m'mamawa, anthu a mpingo wa Sabata anayamba ndi zikwanje, enawo anawapeza atatuluka m'tchalitchi, ndipo anagwira ndi mtima wonse. Anadula zitsamba, anazula zitsa, anasalaza ndi makasu, anasesa, anatentha. Amayi ataona zimbale zadzimbiri ndi mapale ali mbwee paliponse, anachita manyazi. Alendo adzati ano ndi manda kapena dzala? Anazitola zonse mosamala, n'kuzikundika kunja, patsinde pa mtengo.

A Zakeyu anauona utsi ali pamtunda. Anatsika njinga, n'kuisiya panjira pomwepo. Atafika, thengo lawo kunalibe. Kunali bwalo lofiira, loseseka bwino ngati la sukulu, ndi mitengo ikuluikulu isanu itaima kumtunda. Mayi Lestina anabwera akumwetulira, thukuta lili kamukamu.

"Mwafika, bambo! Taonani mmene tayeretsera."

"Mbale zili kuti?"

"Zinyalala zija? Tazikundika apo, mawa zikatayidwe."

A Zakeyu, munthu amene anakalipira chigwa chonse kwa zaka makumi anayi, sanakalipe. Anapita pamuluwo, n'kugwada, n'kuyamba kutola chimodzichimodzi.

"Si zinyalala izi, aphunzitsi. Awa ndi anthu. Uyu ndi Namulewa. Uyu ndi Mukhuna. Pamene chinali chiwiya ndi pamene pali mwini wake."

Kenako mayi Lestina anagwira mutu n'kuyamba kulira. "Bwanji simunatiuze? Katatu konse ndinabwera, bambo, katatu!"

Amayi aja anayesa kukumbukira pamene anatola chilichonse. Wina amati mphika unali apa, wina amati ayi, unali uko kufupi ndi mtsinje, mpaka anayamba kukangana. Anthu makumi anayi anali atayendapo ndi makasu kuyambira m'mamawa. A Zakeyu anazungulira bwalolo mpaka dzuwa kupendeka, akuwerenga mapazi kuchokera ku mitengo ija, akubwerera, akuyambiranso. Njira zawo zonse zinali za m'zitsamba: ukapitirira chitsa chakuti ukhote, ukawerama pansi pa mtengo wakuti upeza wakuti. Tsopano zitsambazo zinali phulusa. Anatsimikiza asanu ndi awiri okha, onse a kumtunda, pakona imodzi. Nkhadze ija anaizula ndi mizu yomwe, dzenje n'kukwirira, n'kusesapo. Kapu ya mlomo wabuluu anaipeza pansi pa mulu. Madzi akatayika sawoleka.

Lolemba kutacha, Everson anawapeza a Zakeyu ali pomwepo pamulupo.

"Madala, a saveya afika naini koloko. Mukatchula seveni okhawo, fensi izungulira kakona kaja, kwinaku kumira."

"Ndikudziwa."

"A saveya sadziwa Namulewa, sadziwa Mukhuna. Ingoikani, madala. Paliponse."

"Iwe Everson, ukuti ndinamize akufa? Ndimugoneke munthu pa dzina la mnzake? Atsibweni anga adzandifunsa chiyani?"

"Ndiye amire m'damu? Agogo anga nawonso ali momwemu, madala. Kaya ali pati, koma ali momwemu."

A Zakeyu anayang'ana mulu wa ziwiya uja. Moyo wawo wonse anali ndi chuma chimodzi chokha, kuti chimene anena za ku Namithi chimakhala choona. Tsopano anayenera kusankha pakati pa choonacho ndi mafupa. Anadzuka, n'kupempha dengu lothyolera tiyi. Analongamo ziwiya zija, n'kubereka kumsana monga amachitira othyola, n'kulowa m'bwalomo okha. Anayambira m'mphepete kuti fensi idzazungulire ponse, n'kumalowera m'kati. Asanu ndi awiri aja anawaika m'malo mwawo. Enawo anawaika pamene phazi laima, ndipo paliponse pamene aika ankapepesa chapansipansi m'Chilomwe. Mwina mpeni wa Mukhuna anauika pa kapitao yemwe anamukwapula uja. Ndani angadziwe?

A saveya atafika ndi zikhomo zawo, a Zakeyu analoza ndi chala, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Anatchula dzina, anatchula mudzi wa kutsidya kumene munthuyo anachokera, anatchula mmene anafera. Nkhani zimene anazibisa zaka zonsezi zinatuluka mokweza, pamaso pa mlendo ndi pa chigwa chonse, mayi Lestina akulemba m'kope lija misozi ikudonthera papepala. Nkhani iliyonse inali yoona. Malo okha ndiwo anali abodza.

"Zikhomo zakwana sikisite thu," anatero a saveya pomaliza. "Koma kalata ya amfumu ikuti sikisite fili."

"Winayo ndaiwala," anayankha a Zakeyu. Dzanja lawo linali m'thumba la jekete, litagwira kapu ija. Enawo anawanamizira, koma kapu ya amayi awo analephera kuiika pa mlendo.

Fensi inazungulira bwalo lonse, ndipo damu analikumba kumunsi. Chigwa chonse chinkadziwa zimene zinachitika, chigwa chonse chinatseka pakamwa. Pa zikhomo paja anaikapo timatabwa ta maina. Ana asukulu anayamba kubwera ndi aphunzitsi awo kudzamva za thangata, ndipo a Zakeyu, amene kale ankachita kunyengereredwa, tsopano sakana. Amalankhula ngati munthu amene akuthamangitsidwa. Chodabwitsa n'chakuti patatha miyezi itatu, ngakhale amene anasesa aja anayamba kukhulupirira timatabwato. Mabanja amabwera kudzagwada pa dzina la agogo awo, n'kuwathokoza a Zakeyu ndi nthochi ndi kalongonda. Iwo amalandira, koma chakudyacho sichiwatsika.

Mbiri ya timatabwa inafika ku Goliati, koma mbiri ya mbale siinafike. Mu Disembala, mvula itagwa, Magdalena anatsika pa njinga yamoto ya kabaza, miyendo itatupa, akuyendera ndodo.

"Achimwene, ndamva kuti tsopano aliyense akuona kwawo. Tsiku lina lija ndi lero. Miyendo iyi sidzandibweretsanso kuno."

A Zakeyu anatsegula geti. Anayenda pang'onopang'ono, mlongo wawo atawagwira mkono, mpaka pakati pa mandawo. Udzu watsopano unali utamera mofanana paliponse. Akanatha kuwerama n'kuika kapuyo pamene afuna, ndipo Magdalena akanakhulupirira, akanagwada, akanabwerera ku Goliati mtima uli m'malo. Anachitira kale anthu ena oposa makumi asanu. Anaitulutsa m'thumba, anayang'ana pansi kumanja, anayang'ana kumanzere. Kenako anaiika m'manja mwa mlongo wawo.

"Iyi ndi kapu ya amayi. Ankamwera thobwa. Ali muno, achemwali, penapake pakati pano, koma pati sindikudziwa. Musafunse wina. Ndinawataya ndine."

Magdalena anaitembenuza kapuyo, n'kuona pamene anaiboola pansi. Anapukuta mlomo wabuluuwo ndi nsonga ya chitenje, monga munthu wofuna kumwera. Sanalire, sanakalipe. Anangoyang'ana udzuwo uku ndi uku.

"Ndiye ndigwade pati, achimwene?"

Mayi wokalambayo anadikira, atatsamira ndodo yake, kapu ili m'manja.