Khasu Langa Kumanda a Mayi

Nditabwerako ku Joni ndi chikwama chimodzi chokha, anthu akwathu ku Liwaladzi anandisekerera ndi mano okha, kumtima kuli zina. Ndikamadutsa padoko, asodzi ankasiya kusoka maukonde n'kumafunsana mokweza kuti kodi bwanawa galimoto aisiya kuti. Ndinkangopitirira. Ine ndinabwerera mayi anga amene anali atadwalika, osati kudzasangalatsa anthu amenewo.

Mayi anamwalira nyengo yotentha, mvula isanagwe, nthawi imene mtembo suchedwa kuwonongeka. M'mawa mwake ndinapita kumanda kukaona mmene ntchito ikuyendera. Ndinapeza adzukulu, anyamata okumba manda aja, atakhala pansi pa mtengo, makasu ali poteropo, dothi osaligunda n'komwe. Wamkulu wawo, mnzanga amene tinkawedza limodzi tili ana, sanandipatse ndi moni womwe.

"Achimwene, zaka zonsezi takhala tikuika anthu muno, khasu lanu sitinalionepo. Lero tilione."

Ndinamufunsa kuti ndikanakumba bwanji ndili kunja kwa dziko. Iye anangoti maliro n'kulirana. Ndinayang'ana malume anga poganiza kuti alankhulapo. Malumewo, atavala jekete imene ndinawatumizira ine ndemwe, anali kalikiliki kuyang'ana nyerere pansi. Anthu opanda manyazi!

Kwathu mwana sakumba manda a mayi ake, ndipo onsewo ankadziwa zimenezi. Koma dzuwa linkakwera, ndipo kunyumba azimayi anali atayamba kale kukupiza bokosi ndi zitenje. Ndinavula malaya n'kutola khasu. Manja anga anali atazolowera kutsuka mbale mulesitilanti, pomwe dothi linali gwa. Matuza anatuluka, anaphulika, mpini unayamba kuterera ndi magazi. Iwo ankangoonerera, wina akutafuna nzimbe, wina akundiuza kuti ndikukhotetsa dzenje, mayi adzagona chopindika. Misozi inatuluka, inde, koma yambiri inali yaukali.

Dzenje litafika m'mawondo, wamkulu uja anadzuka, anandilanda khasu n'kunena kuti basi, tsopano ndafikadi kumudzi. Anamaliza msangamsanga, komabe mayi tinawaika dzuwa litapendeka, anthu atatseka mphuno ndi nsalu. Mayi anga, munthu amene ankasamba kawiri patsiku ngakhale akudwala. Chifukwa cha fungo limene lija, adzukuluwo sindinawakhululukire mpaka lero.

Masiku ano uthenga wa maliro ukangomveka, woyamba kufika kumanda ndimakhala ine, ndipo anthu amanditama kuti chizungu chinandichoka. Azidzinamiza choncho. Tsiku lina tikukumba limodzi, wamkulu uja anandigwira paphewa akuseka, n'kumati zakale zija zinapita ndi madzi. Ndinachotsa dzanja lakelo pang'onopang'ono.

"Mayi anu akadali moyo, eti? Tsiku lawo likadzafika, mudzabwere ndi khasu lanu. Ine mudzandipeza pansi pa mtengo uja, ndi nzimbe yanga."