Mpando Anakhalapo Galu

Anthu a ku Kande amandidziwa kuti sindibisa mawu, koma za galimoto yofiira ija ndinanama.

Ndinali kalaliki wa mzungu wina wa munda wa tiyi kufupi ndi Chintheche. Galimoto yake yakale inali yaitali, yaphokoso, yonunkha usipa, chifukwa kumbuyo ndinkakhalako ine ndi katundu wa abale anga onse. Atagula yatsopano yofiira, yopanda denga, yotsika ngati bwato, ndinalengeza m'mudzi kuti Loweruka andiona ndikudutsa.

Ndinavala suti yoyera. Nditafika kwa bwana ndinapeza kuti mipando ndi iwiri yokha, ndipo pa wachiwiriwo panali patakhala galu wake. Bwana anandifunsa kuti ndaiona bwanji. Ine, amene ndinamenyapo munthu chifukwa chongobwereka nkhafi yanga, ndinavula chipewa n'kunena kuti ndi yokongola kuposa yakale.

Ananyamuka ndi galu wakeyo n'kundisiya. Galimotoyo sinapite patali, inatitimira mumchenga, ndipo anandikodola kuti ndikakankhe. Itatuluka inandiwaza dothi thupi lonse n'kumapita.

Nditabwerera kumudzi mlamu wanga anandifunsa, "Alamu, mwakwera?"

"Ndakwera. Imathamanga kuposa mwera."

"Yewo," anatero, maso ali pa suti. "Ndiye anakukhazikani kunsi kwa matayala?"

Ndinangokalipira mkazi wanga kuti madzi osamba achedwa.

Bwana sananditengenso paulendo, ankangoti mulibe malo. Yakale anaigulitsa ku Mzimba. Mpaka lero ana akandifunsa ndimati ndinakweramo, ndipo galu uja, ngakhale anafa kalekale, sindinamukhululukire.