Burashi Yotulutsa Madzi

Ndinaganiza zopita ku Halale tsiku limene Damiyano anafika pasikelo atakwera njinga. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki wopima masamba pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Damiyano ndinamupimira masamba zaka zitatu, ndipo polandira malipiro ankadinda chala. Anasowa zaka ziwiri, kenaka anatulukira ndi njinga yakuda, jekete ndi chipewa, nandipatsa moni m'Chizungu chothyokathyoka. Ine ndinali ndi zaka ziwiri za sekondale ndi akabudula awiri a khaki. Sindinganene kuti inandichotsa ndi njala, pakuti njala yaikulu ija inali itapita ndipo tinapulumuka. Inali nsanje. Ndalemba choncho chifukwa ndi mmene zinalili.

Ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Elube, pamudzi wochita malire ndi esiteti. Madzi tinkatunga pafupi, pa kasupe wa pansi pa mkuyu. Tinali ndi mwana mmodzi, Rozi, amene anali atangoyamba kuyenda. Ndinamuuza Elube za ulendowo akusenda chinangwa.

"Zaka zingati?" anafunsa.

"Ziwiri."

"Chabwino. Koma ine kuwerenga sindidziwa, bambo a Rozi. Chimene mudzafune kundiuza chidzadzera pakamwa pa anthu."

Ndinati zimenezo n'zazing'ono.

Ndinapita pa lole yodzera ku Mwanza ndi Tete. Ku Halale ndinayenda milungu isanu ndi mapepala anga a sukulu mu envulopu, ofesi ndi ofesi. Paliponse akalaliki analipo kale. Tsiku lina ndikudya chimanga chootcha pamsika ndinadzilankhulira m'Chilomwe, ndipo mkulu wina amene anaima pambali panga anayankha. Anali a Chikopa a ku Mulanje, kapitawo wa otsuka mabasi, amene anali atakhala kumeneko zaka zoposa makumi awiri. Anayang'ana envulopu yanga n'kuseka.

"Chizungu chakocho ubweze m'thumba, mphwanga. Basi siimva Chizungu. Ubwere mawa m'mawa."

M'mawa mwake anandipatsa burashi. Ndiifotokoze bwino, chifukwa ndinakhala nayo zaka zisanu ndi ziwiri. Mpini wake unali paipi yachitsulo yopepuka, yaitali kuposa munthu. Kumapeto kunali mutu waubweya wofewa, ndipo pakati pa ubweyawo panali timabowo. Kumbuyo ankalumikizako paipi ya mphira yochokera ku mpopi. Pamene dzanja limagwira panali kampopi kakang'ono. Ukakapotokola ndi chala chachikulu madzi ankakwera mumpini n'kutulukira mu ubweya, kotero kuti unkatsuka ndi kutsukuluza nthawi imodzi. Pamutupo panalinso kachitini koikamo sopo wamadzi. Basi unkaiyamba padenga, kenaka mawindo, kenaka m'mbali, matayala pomaliza. Ukayamba pansi a Chikopa ankakulanda burashi n'kukupatsa chisanza tsiku lonse.

Tsiku loyamba ndinachita manyazi kuigwira. Patapita mwezi ndinkachita nsanje wina akaikhudza. Ndinakulunga mphira pampini pamene pankandichititsa matuza. Loweruka lililonse ndinkatokosa timabowo ndi kawaya ndi kupesa ubweya ndi msomali. M'mwezi wa June madzi ankazizira mpaka zala kukana kupindika, ndipo ankatsika m'mikono kulowa m'khwapa. Komabe basi ikatuluka pachipata ikunyezimira ndinkadziwa kuti mumzinda wonsewo pali chinthu chimodzi chimene ndachita ine.

Zina zonse zinali za eni ake. Tinkagona anayi m'chipinda chimodzi kulokeshoni, aliyense ndi mphika wake. Eni dziko ankatitcha Manyasarande, ndipo ine ankangondiitana kuti Nyasa. Panali masiku amene mawu okha amene ndinalankhula anali "tsegula" ndi "tseka". Lamlungu ndilo linali lovuta. Tikatuluka m'tchalitchi anthu ankapita kwa abale awo, ine ndinkayenda mpaka kumpanda wa pamalo athu a ntchito, n'kuima ndikuyang'ana mabasi ataimikidwa pamzere. Ena anakwatira komweko. Ine sindinatero, ndipo ndinkadziyesa mwamuna wabwino chifukwa cha chimenecho.

Ndalama ndinkatumiza pa positi miyezi iwiri iliyonse, nthawi zina itatu. Ndinatumiza mabulangeti, nsalu, ndi za malata a nyumba. Chaka china ndinagula suti n'kudumphitsa miyezi inayi. Zaka ziwiri zitakwana ndinaona kuti zimene ndinali nazo sizikufika pa za Damiyano, ndiye ndinati chaka chamawa. Chaka chamawacho ndinanenanso chimodzimodzi.

Kalata ndinkalemba mwezi uliwonse osaphonya. Inkafikira kwa mlamu wanga Wayisoni, mchimwene wake wa Elube, amene ankaphunzitsa pasukulu ya mpingo. Iye ankaiwerenga mokweza pakhonde, onse atakhala: Elube, azakhali ake, ndi apongozi anga. Aliyense wakwathu akudziwa mmene mkamwini amakhalira ndi apongozi ake aakazi. Sitidyera pamodzi, sitiyang'anana m'maso, tikakumana panjira wina amapatuka. Tsono ndikanalemba bwanji kuti ndakusowani, kuti ndimakumbukira kaseka kanu, mawuwo n'kutuluka pakamwa pa mlamu wanga apongozi ali pomwepo? Ndinkayamba, n'kung'amba pepala. Chimene ndinkatha kulemba popanda manyazi chinali ntchito. Ndinalemba za burashi.

Ndikukumbukira mmene ndinalembera ina: "Kuno madzi sasenzedwa pamutu. Ukangopotokola kampopi amabwera okha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo otsala amapita m'ngalande. Palibe amene amawadandaula." Mumtima mwanga ndinkati ndikumuonetsa Elube tsiku langa, kuti akhale ngati ali pafupi nane.

Mayankho ankabwera m'zilembo za Wayisoni, aafupi. Tonse tili bwino. Ndalama zafika. Rozi waguluka mano. Ndipo pansi pake: "Moni kwa burashi." Ndinaseka, ndinati nkhani zanga zikuwakondweretsa, ndipo ndinawonjezera. Chaka chachinayi m'kalata ina munali mawu akuti, "Tiyi wafika pa kasupe." Ndinawawerenga monga munthu awerengera kuti mvula yagwa. Esiteti inkakula chaka ndi chaka, sichinali chachilendo.

A Chikopa ankakonda kuti ndiwawerengere makalata anga, popeza awo anasiya kubwera kalekale. Tsiku lina nditamaliza anandifunsa ngati yathera pomwepo.

"Yatha."

"Chaka chatha inkafika kuseri kwa pepala."

"Wayisoni ndi waulesi," ndinatero.

"Ee. Wanganso wolemba anayamba ulesi chomwecho." Anatola paipi n'kuyamba kuikulunga. "Ine kwathu ndikapita lero akandifunsa kuti mukufuna kwa yani."

Chaka chachisanu ndi chiwiri kunabwera kalata yosiyana ndi zina. Inachokera kwa a Namakhwa, amalume ake a Elube, amene anali nkhoswe ya kuchikazi. Inati: "Mkamwini wathu, mvula ikagwa musanafike, tidzakhala pansi ndi ankhoswe anu popanda inu, ndipo mwana wathu tidzamumasula." Ndinapempha kusiya ntchito sabata yomweyo. Tsiku lomaliza ndinapachika burashi pamsomali pake. Ndisanatuluke pachipata, munthu wina wa ku Dedza anali ataitenga kale, akusenda mphira wanga pampini chifukwa unkamukulira m'manja.

Ndinafika kwathu dzuwa lili pamutu, mu October, ndi njinga, suti ndi bokosi. Njira ndinaisokoneza. Pamene panali tchire ndi minda ya nandolo panali mizere ya tiyi mpaka kukhwawa. Mkuyu wa pa kasupe unalipo, koma unali mkati mwa waya, ndipo pansi pake panali thanki ndi mapaipi opita kunazale. Ndinaona zimenezi ndi maso anga, komabe sindinamve kanthu. Ndinkaganiza za mmene ndioneka ndikamalowa m'mudzi.

Pakhomo ndinapeza kamtsikana kakupeta. Kanagwada n'kundifunsa kuti ndikufuna yani. Nditatchula dzina langa kanati, "Amayi apita kumadzi," ndipo kanandiyalira mphasa monga mlendo. Ndinakhala. Mthunzi wa mtengo wa mapeyala unachoka pamphasa n'kufika pankhokwe. Ndinayamba kukwiya kuti mwina Elube wamva kuti ndafika ndiye akuzengereza dala. Atatulukira anali ndi chitini pamutu, nsalu itanyowa thukuta, mapazi ali mbuu. Anatula, anagwada patali pang'ono.

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, kaya inu mwatsala bwanji?"

"Tatsala."

Chakudya anandipatsa. Madzi osamba sanandiikire. Kwathu mwamuna akachokera kuulendo, ngakhale wa ku boma kokha, mkazi wake amamuikira madzi kubafa asanamufunse kanthu. Pamenepo ndinadziwa kuti kalata ya a Namakhwa sinali yongoopseza.

Tinakhala pansi patapita masiku atatu, mkulu wanga atabwera kuchokera kumudzi kwathu kwa Mphuka kudzaima ngati nkhoswe yanga. Ndinali nditakonzeka. Ndinati ndalama ndinkatumiza, malata ali padengawa ndi umboni. Ndinati sindinakwatire kwina. Ndinati palibe mwezi umene unapita popanda kalata. Mkulu wanga ankagwedeza mutu, ndipo a Namakhwa anavomera kuti zonsezo n'zoona. Kenaka anatembenukira kwa Elube.

Iye analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mtolo wa makalata womangidwa ndi luzi. Anaupereka kwa Wayisoni.

"Achimwene, sololani iliyonse muwerenge."

Wayisoni anasolola yapakati. Inali yonena kuti abwana agula paipi yatsopano, yamphamvu moti madzi akufika padenga la basi popanda kukwera makwerero. Azakhali anayamba kuseka, mkulu wanganso anamwetulira. Elube sanaseke.

"Imeneyo ndiyo yankho lawo titawalembera kuti tiyi wafika pa kasupe," anatero, mawu ali pansi. "Chitsekereni kasupe uja timatunga kumtsinje, kutsetsereka phiri lonseli. Ndikapita m'mamawa ndimabwera fakitale italiza kale mluzu. Masana ndipitenso. Ndiye ndikutula chitini, khosi likuwawa, achimwene akuti kwabwera kalata. Ndisamba m'manja, ndikhala pansi kuti ndimve mwamuna wanga. Ndikumva za madzi opita m'ngalande. Mwezi ndi mwezi, amalume, zaka zitatu. Akazi anzanga kumtsinje ankandifunsa kuti a Naburashi, kwanu paipi ifika liti?"

Palibe anasekanso. Ine ndinayesa kufotokoza. Ndinati ndinali ndi zambiri zoti ndinene, koma ndinkachita manyazi podziwa kuti amayi akumva. Apongozi anga anali atakhala kuseri kwa nkhokwe, atatifulatira monga mwa ulemu. Chikwatirireni pamudzipo anali asanandilankhulepo mwachindunji. Tsiku limenelo anatero.

"Manyazi ndi ine, bambo? Kufunsa kuti kodi mukumwa kuti, kumeneko n'kutukwana?"

 

A Namakhwa anafunsa Elube ngati akufuna kuti ndinyamule bokosi langa ndibwerere kwa Mphuka. Elube anayang'ana Rozi amene anaima pakhomo.

"Akhale," anatero. "Nyumbayi anafolera ndi iwo. Kudya adya. Koma madzi osamba azitunga okha."

Mkulu wanga anati zimenezo n'zochititsa manyazi, mwamuna wophunzira sangaime pamzere ndi akazi kumtsinje, bola tizipita. Ndinamuuza kuti ndikhala.

Papita zaka zinayi. Ndinapezanso ntchito yaukalaliki kufakitale, ndipo madzi anga osamba ndimatungabe ndekha ndisanapite kuntchito. Ndili ku Halale ndinkati wosungulumwa ndine, kwathu anthu ali pamodzi ndipo zinthu zili monga ndinazisiyira. Sindinaganizepo kuti munthu angasungulumwe pakhonde lodzaza abale ake, kalata ya mwamuna wake ikuwerengedwa.

M'mawa woyamba mlandu uja utatha ndinatsetsereka ndi chitini cha palafini. Akazi atandiona anasiya kulankhula, kenaka wina anati, "Apatseni malo a Halale, mwina atsegula kampopi," ndipo onse anagwa nako kuseka. Ndinatunga, ndinasenza paphewa. Pokwera phiri madzi ankakhavukira m'khosi ndi mumsana, ndipo ndinafika ndi osakwana theka. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu zinali chomwecho. Elube ankangoona.

Tsiku lachinayi anandipeza pakati pa chitunda nditatula chitini, ndikupuma. Anaima ndi chake pamutu, anatambasula dzanja n'kuthyola nthambi yamasamba pachitsamba cha m'mbali mwa njira, naiponya m'madzi anga.

"Muziika masamba pamwamba, sakhavuka," anatero. "Mukungonyowetsa njira."

Anapitirira. Ndinasenza n'kumutsatira, madzi ali phee pansi pa masamba. Sanacheuke mpaka kunyumba, koma sanafulumire.