Amayi Olanda Makiyi pa Chintheche

Pa Chintheche, m'mphepete mwa msewu waukulu, pali amayi ena achikulire ogulitsa tiyi ndi chinangwa chophika. Dalaivala akalowa, amayamba amuyang'ana m'maso asanamuthirire tiyi. "Tiyi wanga amachotsa njala, ada, koma tulo sachotsa," amatero.

Tsiku lina dalaivala wa minibasi yochokera ku Dwangwa anayamba kuwodzera kapu ili m'manja. Amayiwo anatola makiyi patebulo n'kuwamanga pansonga ya chitenje chawo.

"Amama, anthu akundidikira," anadandaula dalaivalayo.

"Nawonso ana awo akuwadikira. Gonani pabenchipo."

Okwera anang'ung'udza, koma amayiwo anangopitiriza kusonkhezera moto, osatembenuka. Dalaivala atadzuka, anathokoza mwamanyazi. Masiku ano akafika atatopa, amapereka yekha makiyi asanakhale n'komwe pansi.